Mafilimu a m'sutikesi ya malemu bambo ako

Mdzukulu wanga, wati wapeza mafilimu atatu osatsukitsa m'sutikesi ya malemu bambo ako, ndiye ukufunsa ngati ungawatsegule kuti ujambule zili m'menemo ndi foni. Usayerekeze mwanawe. Kungosolola filimuyo poyera, zonse zathera pomwepo. Ukanayamba wafunsa kuti sutikesiyo inkakhala pati zaka zonsezi.

Chithunzi chimakhalamo ndithu m'filimumo, koma chobisika. Kuwala kukalowa m'kamera kumasiya timadontho ta siliva tosaoneka ndi maso, ndipo mankhwala a ku situdiyo ndiwo amatikuza. Adani ake ndi kutentha ndi chinyezi. Ngati sutikesiyo inkakhala pamwamba pa kabati, kufupi ndi malata, dzuwa la Okutobala likuphika, dzinja n'kubweretsa chuku, nkhope zina zidazilala. Filimu ya kala imafulumira kutaya mtundu kusiyana ndi yakuda ndi yoyera, ngakhale pa zakuda ndi zoyerazo ilipo ya kampani ya Ilford, yotchedwa Pan F Plus, imene eni ake amati itsukidwe isanathe miyezi itatu chijambulire.

Koma mtima pansi. Mu 1897 amuna atatu a ku Sweden, wowatsogolera Andrée, adauluka pa baluni kulinga kumpoto kwenikweni kwa dziko, osabwerako. Mitembo yawo idapezeka mu 1930 pa chilumba chozizira kwambiri cha Kvitøya pamodzi ndi mafilimu amene Nils Strindberg, mmodzi wa atatuwo, adajambula. Atatsukidwa, patatha zaka 33, padatuluka zithunzi 93. Chidawasunga ndi chisanu.

Iwenso mafilimu akowo uwamange m'pulasitiki yosalowa mphepo, uike m'filiji. Tsiku lopita nawo ku situdiyo uwatulutse, adikire maola angapo usanamasule pulasitikiyo, kuopa kuti angachite thukuta. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Wotsukayo umuuze kuti ndi akalekale.

Ife filimu sinkagonera chaka. Wojambula ankabwera pa njinga Lamulungu, tatchena tikuchokera ku tchalitchi, mwezi ukamatha n'kubweretsa envulopu: zithunzi mbali ino, manegetivu mbali inayo. Malemu agogo ako aamuna ankakhala pa khonde ndi cholembera, kuseri kwa chithunzi chilichonse dzina, mudzi, chaka. Ngakhale khanda lapamsana ankalilemba. Manegetivu tinkagwira m'mphepete mokha, ndipo ankakhala kwaokha, kutali ndi timibulu tothamangitsa njenjete. Mlendo akafika, madzi akumwa kaye, kenako alubamu pamiyendo, mwana wamkulu atagwada pambali akutchula kuti awa ndi azakhali, awa ndi amalume a ku Wenela. Ana ankadziwira mtundu wawo pamenepo.

Inu lero zithunzi zikwizikwi m'foni, palibe n'chimodzi chomwe cholembedwa dzina, foni ikabedwa maliro a agogo apita nayo.

Zikatuluka, ngakhale zotuwa, ubwere nazo kuno ndi cholembera maso anga akadaona. Amene ali m'menemo ambiri ndine ndekha ndatsala wowadziwa.