Funsani Amalume: Njerwa zathu zikuphuka ndere, agogo akutha

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza timagulu tosunga mbiri ya kwathu, kaya ndi chifukwa anthu angobwera kumene ku Kulamba ku Mkaika ndi ku Umhlangano ku Ntcheu ndiye mitima idakali yotentha. Ndasankha atatu. Ena ndawadulako, pajatu ena mumalemba ngati ulaliki wa Lachisanu Loyera.

Amalume, ine ndine mlembi wa kagulu kathu kuno ku Domwe, tilipo anthu 23, ambiri aphunzitsi ndi alimi komanso akatekisita awiri. Tinayamba mu 2022 cholinga chathu ndi kumanga kanyumba kosungiramo zinthu zakale monga zishango, zibonga, mikondo ndi zithunzi kuti ana asukulu azibwera kudzaona. Timasonkha 50 metikali pamwezi, tinapangitsa mpira, tinalimanso mbatata ya kachewere munda wa gulu. Njerwa tinaumba ndi kuwotcha koma zadutsa mvula ziwiri zili pompo, zina anthu akutola usiku kukamangira zimbudzi. Vuto ndi loti ndalama zomwe msungichuma akuti zilipo sizikufanana ndi za m'kaderno mwanga, iye akuti zina zinali makwacha ochokera kwa abale athu a ku Dedza ndiye zinagwa mphamvu. Anthu akuti wadya koma palibe akunena poyera chifukwa ndi mlamu wake wa wapampando. Ena asiya kusonkha, komanso agogo awiri omwe timadalira pa nkhani zakale atisiya chaka chino. Titani kuti nyumbayi ithe?
Mlembi wothedwa nzeru, Domwe

Mphwanga, kalata yako yonse ndi ya njerwa ndi ndalama, za agogo awiri aja waziika kumapeto ngati mchira, chonsecho pamenepo ndi pomwe ine ndagwira pakamwa. Ndikufunse, munawajambula mawu asanapite? Ndikukayika, bwenzi utanena. Nde taona, mwakhala zaka mukuthamangitsa malata ndi simenti kuti mudzasungemo chishango, koma munthu amene akanakuuzani kuti chishangocho chinali cha ndani, chinapita nkhondo iti, nyimbo yake ya ngoma inali yotani, mwakamuika kumanda osamufunsa.

Domwe si malo wamba. Angoni a Maseko atabwerera kuchokera kumpoto, kudera la Songea ku Tanzania, anadzakhazikika pa phiri lomwelo cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, kenako ufumu unapita kwa Chikuse, kenako Gomani yemwe anaphedwa ndi Angerezi mu 1896. Malire omwe Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana mu 1891 anadula anthu amodzi pakati, n'chifukwa chake abale ako ali ku Dedza ndi ku Ntcheu ndipo akukutumizirani makwacha. Zimenezo zinalembedwa kale m'mabuku, gulu lanu silingawonjezerepo kanthu. Zomwe sizinalembedwe ndi za mudzi wako, ndani anagwidwa chibalo ndipo anamutengera kuti, mbalamatodya ankamenyera pati ndipo sipayi wake anali wa mudzi uti, anthu anathawa usiku uti nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ija yomwe inatha pa 4 Okutobala 1992, anakakhala pa mudzi wa ndani kutsidyako, ng'ombe zinatha bwanji, atabwerera anapeza ndani akulima munda wawo. Amene anali achikulire pa 25 Juni 1975, tsiku lomwe Mozambique inalandira ufulu, lero ali ndi zaka pafupifupi 70 kupita m'tsogolo. Amenewo ndiye nyumba yanu yosungiramo zakale, ndipo denga lake likudontha kale.

Ndiye ine ndikuti njerwazo muzisanje bwino, muzifolere ndi udzu kapena pulasitiki, muziiwale kaye. Ndalama yomwe yatsala mugule memori kadi ziwiri zitatu ndi kaderno wachikuto cholimba, foni muli nazo kale. Muzipita awiriawiri Loweruka masana, mutanyamula kasopo kapena kashuga, agogo sapitidwa chimanjamanja. Poyamba kujambula mutchule tsiku, mudzi, dzina ndi mfunda wa amene akuyankhula, ndipo iyeyo anene ndi pakamwa pake kuti walola. Musamufunse kuti chinali chaka chanji, mungomusokoneza, mufunseni kuti nthawi imeneyo anali atakwatiwa kale kapena ayi, mwana woyamba anali akuyamwa kapena akuyenda, mfumu inali ndani, zaka mudzawerengera nokha kunyumba. Ndi momwe zinadziwikira kuti Zwangendaba, mfumu ya Angoni a Jere, anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, akuluakulu ankangokumbukira kuti tsiku lowoloka dzuwa linada masana, odziwa zakuthambo n'kuwerengera kuti kadamsana ameneyo anachitika liti. Ndipo chonde musangothamangira madoda okha. Amayi achikulire ndi amene amasunga mzere wa mbumba, ndani anabala ndani, ndipo nyimbo za pamtondo zimanena zinthu zomwe pabwalo sizinenedwa, ine zambiri za m'banja mwathu ndinazimva kwa azakhali anga akusinja, amalume anga ankangonena za nkhondo zomwe sanamenye nkomwe.

Mawuwo musawasunge pamalo amodzi. Foni imagwera m'chitsime. Kadi ina ikhale kwa mlembi, ina ku parishi kapena ku mpingo, ndipo banja la agogowo muwapatse yawo. Mukasonkhanitsa angapo kalankhuleni ndi a wayilesi ya m'dera ku Ulongwe kuti mwina angamaulutseko timagawo, komanso a ARPAC, bungwe la boma lofufuza za chikhalidwe, ali ndi nthambi ku Tete, ntchito ngati imeneyi ndi yawo.

Tsopano za msungichuma. Usafulumire kumutcha wakuba. Kwacha ya Malawi inatsitsidwadi mphamvu kawiri m'nthawi yomwe gulu lanu lakhalapo, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ngati munthu anasunga makwacha pansi pa matiresi n'kudzasintha mochedwa, ndalama inasungunukadi iye osagula ngakhale kabotolo kamodzi. Koma mawu okha sakwana. Itanani msonkhano, iwe ubwere ndi kaderno wako iye abwere ndi wake, muike makwacha mbali ina mametikali mbali ina, anene tsiku lomwe anasintha, anasinthira kuti, kaya pa Calómuè kaya kwa anyamata a pamsika, ndipo anamupatsa zingati. Zikagwirizana mumupepese pamaso pa onse omwe ankamunong'ona. Zikapanda kugwirizana abweze pang'onopang'ono, ngakhale ndi matumba a chimanga pokolola. Zoti ndi mlamu wa wapampando zithetseni pomupempha wapampandoyo kuti tsiku limenelo mpando akhalepo wina, mwina mmodzi wa akatekisita aja.

Kuyambira pamenepo kwacha ikalowa isinthidwe sabata yomweyo pali mboni ziwiri. Zopereka zizidutsa pa M-Pesa kapena e-Mola kuti uthenga uzitsala, nambala yake ikhale ya gulu osati foni yomwe msungichuma amaimbira akazi ake, ndipo mwezi uliwonse muzijambula tsamba la kaderno n'kuliponya pa WhatsApp ya gulu. Anthu sasiya kusonkha chifukwa 50 metikali yachuluka ayi, amasiya akaona mdima. Komanso mlimi usamulamule ndalama mwezi ndi mwezi, mu Januwale alibe. Muuzeni apereke ndowa ya chimanga kapena nyemba nthawi yokolola, musunge bwino ndi mankhwala a anankafumbwe, mudzagulitse miyezi ya njala mtengo utakwera. Ana a ku Domwe omwe ali ku Moatize, ku Beira ndi ku Johannesburg muwatumizire kachidutswa ka mphindi ziwiri ka agogo awo akuyimba kapena akutchula mayina a makolo, uone ngati satumiza kanthu. Chithunzi cha mulu wa njerwa sichingamugwire munthu mtima chonchotu.

Amalume, ife ndi achinyamata a ku Furancungo, tikufuna kupanga tsiku la chikhalidwe kuti tipeze ndalama zoyambira gulu lathu la mbiri. Tinaganiza zoitana gule wamkulu, tizilipiritsa pakhomo komanso tijambule vidiyo tiike pa Facebook ndi TikTok. Koma anyakwawa atikaniza, akuti gule si konsati. Ife tikuona ngati akutibweza m'mbuyo poti gule yemweyu amavina pa misonkhano ya boma. Ndani akulakwa?
Mtsikana wa kalasi 12, Furancungo

Mwana wanga, funso lako ndalikonda ndipo mfundo yakoyo si yopusa, gule amatulukadi pa zochitika za boma, ndipo UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi. Koma anyakwawa sanalakwe. Gule ali ndi eni ake. Bwalo ndi la mfumu yomwe ili ndi mzinda, ndipo chilombo chimatuluka pa maliro, pa chinamwali, pa mpalo, pa kulonga ufumu, kapena pomwe eni dambwe avomera okha. Inu munalakwitsa polowera, munapanga kale pulogalamu ndi mtengo wa pakhomo kenako n'kukawauza akuluakulu ngati mukubwereka ma sipika. Kusupa gule pabwalo ndi mwambo, munthu amaponya yekha mwa kufuna kwake ndipo ndalamayo ndi ya gule, koma kutchinga bwalo ndi mpanda kuti wopanda tikiti asaone ndi nkhani ina, agogo a m'mudzi momwemo muwabweze pakhomo chifukwa alibe 20 metikali?

Bwererani kwa anyakwawa ndi munthu wamkulu wolowa, mukapepese, mukafunse kuti iwo angalole chiyani. Akakana gule, tsiku lanu silinafe. Chimtali cha amayi chilipo, chitelele chilipo, makwaya a mipingo, mpikisano wa nthano ndi zilapi wa ana asukulu, mpira wa matimu a mabayiro. Ndalama yeniyeni pa masiku oterewa imachokera pa mbale, thobwa, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, nkhuku ya lokolo, chigumu, mbatata yowotcha. Akalola gule, mufunsiretu za kamera, malo ena amalola kujambula pabwalo pokha, ndipo chilichonse cha kudambwe kapena povalira musayerekeze n'komwe. Pajatu dera lanulo ndi kufupi ndi ku Mano komwe kunali likulu la Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, asanasamukire ku Zambia, akuluakulu a kumeneko nkhani zimenezi sazitenga mwachibwana, ndipo gulu la mbiri lomwe layamba ndi kukangana ndi mafumu lidzafunsa ndani mbiri yakeyo?

Amalume, bambo anga anandisiyira mkondo, chibonga, kampando kosema ndi mapepala ena a Chipwitikizi a agogo anga, lina ndi kaderneta ya msonkho. Kwabwera munthu wina wa galimoto akufuna kugula zonse, akuti akaika ku miziyamu kunja. Pomwepo a gulu la mbiri kuno akuti ndiwapatse ulere. Ine ndili ndi ana asukulu ofuna yunifomu. Komanso gululi ndi losalembetsa, ndingalikhulupirire bwanji?
Bambo wa ana asanu, Zóbuè

Achimwene, za yunifomu ndazimva, sindikuweruzani. Koma wagalimotoyo musamalire naye. Lamulo la 10/88 la pa 22 Disembala 1988 limateteza chuma cha chikhalidwe cha dziko lino, ndipo zinthu zakale zotere sizituluka m'dziko mwachisawawa popanda chilolezo cha boma. Mufunseni kalata ya miziyamu yomwe akunenayo ndi chilolezo chake, kawirikawiri ukafunsa zimenezo galimoto imalizidwa msanga. Komanso katunduyo si wanu nokha, alongo anu ndi azibale a bambo anu akadzamva kuti mkondo wa agogo unapita ndi yunifomu yomwe inang'ambika chaka chomwecho, mlandu wake mudzausenza mpaka kale.

Kupereka ulere nakonso sindikukukakamizani. Bwereketsani. Mulemberane kalata yoti zinthuzo ndi za banja lanu, gulu likungosunga kapena kuonetsa pa tsiku lakutilakuti, asayine wapampando, inu, ndi anyakwawa ngati mboni, ndipo chilichonse chijambulidwe chithunzi musanachipereke. Mapepalawo asatuluke n'komwe m'nyumba, iwo angowajambula ndi foni. Musawapake selotepi kapena kuwamata pulasitiki yotentha ija, muwaike mu envelopu youma kutali ndi chiswe ndi utsi wa kukhitchini. Kaderneta imeneyo mwina ili ndi dzina la mfumu, la posto ndi zaka zomwe agogo ankakhoma msonkho, zinthu zomwe ngakhale a Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo amazisunga mosamala.

Za kulembetsa mwafunsa bwino, ndipo a gulu la ku Domwe ndi a ku Furancungo amvere limodzi. Lamulo la mabungwe la 8/91 limafuna anthu osachepera 10 oyambitsa, malamulo a gulu olembedwa omwe timati ma estatuto, ndi ziphaso zawo za BI, kenako boma likavomereza mumakatenga NUIT, nambala ya msonkho, n'kutsegula akaunti ku banki yosayinira anthu awiri kapena atatu. Zimadya nthawi ndi ndalama ya chapa yopita ku Tete, ndiye kagulu kongoyamba kumene sindingakanyoze chifukwa chosalembetsa. Koma inu muli ndi ufulu wowauza kuti mkondo udzagona kwa iwo tsiku lomwe adzakuonetseni mapepala amenewo ndi chitseko chokhala ndi loko. Pakadali pano abwere kwanu ndi foni, mukhale pakhonde, muwauze zomwe bambo anu anakuuzani za kampandoko, ndani ankakhalapo ndipo chifukwa chiyani mwendo umodzi ndi wofupika ngati ndi wofupika. Za yunifomu kalankhuleni ndi a xitique a pamsika, chipeleganyu chija, mwezi wa Januwale usanafike.