Andiuza kuti ndipereke mapulateleti okha

Funso: Adokotala, ndakhala ndikupereka magazi kwa zaka zingapo. Ulendo wathawu anamwino anandipempha kuti ndiyeseko kupereka mapulateleti okha (tizigawo ta m'magazi tothandiza kuti magazi aundane pabala), akuti magazi otsalawo amabwerera m'thupi. Ineyo ndikuchita mantha. Magazi otuluka, n'kudutsa m'makina, n'kubwereranso, sangandipatse matenda?

Yankho: Ayi, sangakupatseni. Magazi anu sakhudza makinawo n'komwe. Amayenda m'timachubu tapulasitiki tatsopano, timene amatsegula inu muli pomwepo n'kutaya mukamaliza. Makina amangowazunguza mwamphamvu kuti zolemera zipatukane ndi zopepuka. Mapulateleti amalowa m'kathumba kawo, maselo ofiira n'kubwerera mumtsempha wanu. Mukadzayang'ana kathumbako musadzadabwe, sikakhala kofiira koma kachikasu.

Chimene ambiri amamva ndi dzanzi m'milomo ndi m'nsonga za zala, ena kuzizidwa. Amachititsa zimenezi ndi mankhwala otchedwa citrate, oletsa magazi kuundana m'machubu, amene amachepetsa kashiamu m'magazi kwa kanthawi. Musapirire mwakachetechete. Uzani anamwino achepetse liwiro la makina kapena akupatseni kashiamu, zimatha msanga. Vuto lenileni ndi nthawi: thumba la magazi wamba limadzaza m'mphindi 10, pomwe apa mukhala pampando pafupifupi maola awiri, mkono uli chiwongolere.

Nanga akuvutikiranji kukupemphani? Mapulateleti sakhalitsa. Maselo ofiira amatha kusungidwa mufiriji mpaka masiku 42, koma mapulateleti ndi masiku 5 mpaka 7 basi, pa madigiri 20 mpaka 24, pamakina owagwedeza usana ndi usiku. Operekedwa Lolemba, sabata yamawa atha ntchito. Komatu munthu wodwala khansa ya m'magazi, kapena amene akulandira mankhwala amphamvu a khansa, mapulateleti ake amatsika kwambiri moti kungotsuka mano nkhama zimayamba kukha magazi osasiya. Woteroyo angafunike kuikidwa mapulateleti kangapo pa sabata. Kuti mlingo umodzi ukwane kuchokera m'magazi wamba, amaphatikiza a anthu 4 mpaka 6. Inu nokha pamakina mutha kupereka mlingo wathunthu, nthawi zina iwiri kapena itatu.

Thupi limabwezeretsa mapulateleti m'masiku ochepa, ndipo poti maselo ofiira abwerera, simutaya ayironi wambiri. N'chifukwa chake ku America amalola kupereka mpaka maulendo 24 pachaka, ngakhale malamulo amasiyana m'mayiko.

Musamwe asipilini kwa maola 48 musanapite, chifukwa amafooketsa mapulateleti. Amayi amene anakhalapo ndi pakati angayezedwe kaye zina zapadera. Akapeza kuti mitsempha yanu ndi yaing'ono, kapena maola awiriwo simungawapeze, pitirizani kupereka magazi monga kale. Amayi otaya magazi pobereka ndi anthu ovulala pangozi amadalira maselo ofiira omwewo.