Kutenthetsa chakudya popanda microwave: yankho kwa achemwali a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangosamukira kumene ku Area 25 ku Lilongwe. Kale ankakhala kwa azakhali ake komwe kunali microwave, ndiye kutenthetsa chakudya kunali kungodina batani. Pano akukhala yekha ndi mwana wa zaka zitatu. M'nyumbamo muli mbaula, kahotipuleti ndi kafiriji kakang'ono. Amafika kunyumba mdima utagwa, atatopa, mwana akulira njala. Funso lake linali lakuti: "Ndingatenthetse bwanji chakudya chotsala osachipsereza komanso osadwalitsa mwana?"

Achemwali, zikomo pondilembera, ndipo musadzimvere chisoni. Microwave ilibe matsenga. Imangotenthetsa madzi amene ali kale m'chakudyamo, ndipo kawirikawiri imasiya malo ena ozizira pakati pa mbale. Ntchito yomweyo nthunzi imaigwira bwino mu poto wovundikira. Inu muli ndi poto, chivundikiro ndi moto, ndiye zonse zofunika muli nazo.

Tiyambe ndi nsima, chifukwa ndi imene imavuta anthu ambiri. Mkute ukagona umauma kunja, ndipo mukauponya mu poto wouma umangopserera pansi m'kati muli zii. Ine ndimachita chonchi: ndimathira madzi mu poto waukulu, kuya kwake zala ziwiri zokha. M'madzimo ndimazondotsa kambale kachitsulo, pamwamba pake n'kukhazika mbale ya mitanda ya nsima, kuti nsimayo isakhudze madzi. Ndimavundikira bwinobwino, ndipo madzi akayamba kuwira ndimadikira mphindi 10 kapena 15. Mtanda ukakhala waukulu ndimaudula pakati kuti nthunzi ilowe. Mukavundukula mupeza yafewa, ikufuka, yoti n'kutema bwino m'manja. Musagwiritse mbale yapulasitiki kapena jumbo pa ntchito imeneyi.

Agogo anga sankavutika n'zonsezi. M'mawa ankadula mkute mapisi opyapyala n'kuwayala pa makala ofiira mpaka achite khokho lofiirira, ife n'kumamwera tiyi. Fungo lake ndimalimva mpaka lero. Tsiku lina ankauphwanya m'madzi owira, kutakasa ndi mthiko mpaka mibulu yonse ithe, n'kuwonjezera kaufa pang'ono, basi phala la ana lapsa. Njira imeneyi ingakuthandizeni m'mawa mukamathamangira minibasi, bola phalalo libwate ndithu.

Ndiwo zamsuzi sizivuta. Nyemba, nyama, nkhuku: thirani timadzi pang'ono, vundikirani, moto ukhale wapakati, ndipo muzitakasa chifukwa nyemba zimakonda kukakamira pansi pa poto. Chachikulu n'chakuti ziwire mpaka kubwata poto yense, osati kungofunda. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timaviika chala, tikamva kutentha timati zatheka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chakudya chizifika madigiri 70 kuti tizilombo tife, ndipo chala cha munthu chimathawa kalekale chisanafike pamenepo. Popeza m'makhitchini mwathu mulibe choyezera kutentha, chizindikiro chanu ndi kubwata ndi nthunzi yotuluka pakati penipeni pa chakudya. Nthuli yaikulu ya nyama iduleni muone ngati m'kati mukufuka.

Chambo kapena usipa wokazinga, mbatata ndi tchipisi, izi nthunzi imaziphwetetsa. Zimafuna chiwaya chotentha ndi kadontho ka mafuta, n'kumatembenuza. Masamba otendera, kaya nkhwani kaya chisoso, amasasa msanga chifukwa cha nsinjiro, makamaka mu Okutobala. Ine ndimangophika okwana kudya nthawi imodzi.

Tsopano mpunga, ndipo pano ndikupempha mumvetsere. Mpunga umaoneka wosalakwa, koma ndi umene ndimauopa kuposa nyama. Mumpunga wosaphika mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus. Kamadzitsekera m'kachikopa kolimba moti kuphika sikukapha. Mpunga ukapsa n'kusiyidwa mu poto patebulo usiku wonse, kachilomboko kamadzuka, kamaswana n'kutulutsa poizoni. Poizoniyo saphwanyika ndi moto. Mutha kutenthetsa mpungawo mpaka ufuke, kaya pa mbaula kaya mu microwave ya mtengo wapatali, munthu adzasanzabe patangopita maola ochepa. Ndipo sununkha, suwawasa, palibe chimene mphuno ingakuchenjezeni. Zinandichitikira mwana wanga woyamba ali wamng'ono. Tinabwera ndi mpunga wotsala kuchinkhoswe, unagona mu kontena pakhitchini, m'mawa ndinaukazinga bwinobwino ndi anyezi. Isanakwane 12 koloko tonse awiri tinali tikusanza. Ndinaphunzira mowawa.

Choncho nkhani ya mpunga imayambira pousunga. Mukangomaliza kudya, wotsalawo uyaleni m'mbale yotambalala kuti uzizire msanga, n'kuulowetsa mufiriji lisanathe ola limodzi. Mudye tsiku lotsatira, osapitirira apo. Potenthetsa wazani masipuni awiri kapena atatu a madzi, phwanyani mibulu ndi foloko, vundikirani pa moto wochepa mpaka nthunzi ituluke paliponse. Kilombero wotenthetsedwa chonchi amabwereranso fungo lake. Ngati mpunga wagona kunja kwa firiji, musampatse mwana. Ndikudziwa mtengo wa mpunga masiku ano, ndipo kutaya kumapweteka mtima, koma dripi ya kuchipatala imapweteka kuposa pamenepo.

Lamulo la WHO pa chakudya chilichonse chophika ndi lakuti chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, kutanthauza kuti chakudya chizikhala chozizira kwenikweni kapena chotentha kwenikweni. Chofunda ndiye choopsa. N'chifukwa chake sindikhulupirira kwambiri mafudu woma athu aja. Ndi abwino kusungira nsima ya bambo amene achedwa ola limodzi kapena awiri, koma chakudya choikidwamo 6 koloko m'mawa sichingakhale chotentha mokwanira pofika madzulo. Ngati mumamusiyira mwana chakudya ndi mtsikana womulera, ndi bwino chikhale mufiriji, iyeyo achiwiritse nthawi yodya ikakwana. Mumuonetse ndi maso kubwata kumene mukutanthauza, musangomuuza pakamwa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 imene inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Azaumoyo ankabwereza zinthu zomwezi: kusamba m'manja ndi sopo, madzi otetezedwa, kudya chakudya chikadali chotentha.

Kutenthetsa kukhale kamodzi kokha. Mukaphika poto wa nyemba Lamlungu, gawani m'timakontena, tsiku lililonse muzitulutsa kamodzi. Kumangobwezera poto yemweyo pamoto Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu ndiko kumasasitsa ndiwo. Zimene simudya m'masiku awiri kapena atatu ziikeni m'chipinda choumitsa chija, ngati kafiriji kanu kali nacho.

Mwina mukuti, nanga magetsi akazima? Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, ndiye musamaitsegule pafupipafupi. Akazima tsiku lonse, nyama ndi nsomba zophika ziwiritseni n'kudya tsiku lomwelo. Amayi athu omwe analibe firiji ankawiritsa ndiwo asanagone, osazikhudzanso ndi chipande, n'kuziwiritsanso m'mamawa. Nzeru imeneyi imathandizako pa nyemba ndi nyama, makamaka nyengo yozizira, koma siichotsa chiopsezo chonse ndipo siifika pa firiji. Pa mpunga siigwira ntchito.

Chinthu china chimene sindingachisiye: mbaula isamayake m'nyumba yotseka. Mu Juni ndi Julayi anthu amailowetsa kuchipinda kuti aothe, n'kutseka mazenera. Makala amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo anthu amafa ali m'tulo. Phikirani pakhonde kapena pamalo podutsa mphepo, mukamaliza muzimitse makalawo panja.

Ndikanakhala inu, madzulo ndikanachita motere. Ndikangofika ndiyatse mbaula, kapena hotipuleti ngati magetsi alipo. Poto wa madzi a zala ziwiri uja akhale pamoto, mbale ya nsima m'kati. Pamene nthunzi ikugwira ntchito, ndimusambitse mwana. Ndikaphula nsimayo ndiisiye yovundikira, pamoto pabwere kakontena kamodzi ka nyemba kothiridwa mu poto waung'ono, ndipo m'mphindi zochepa zabwata. Makala otsalawo akwanira kufwafwaza mpiru ndi tomato mmodzi. Madzi otentha a mu poto woyamba uja musataye, ndi otsukira mbale.