Mwana wanga wasunga njoka yobiriwira m'ndowa

FUNSO

Bambo, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala kufupi ndi Chitakale ku Mulanje. Loweruka lapitali mwana wanga wachiwiri, wa zaka 13, anagwira kanjoka kobiriwira mumtengo wa gwafa kuseri kwa bafa. Ndi kowonda ngati chala, kutalika kwake mwina theka la mita, ndipo kali ndi timadontho takuda kuyambira pakhosi kulekezera pakati pa thupi. Wakaika m'ndowa yapulasitiki n'kuvundikira ndi neti yakale ya udzudzu. Akuti anaona pa YouTube anthu a ku America akuweta njoka zotere n'kumazidyetsa ziwala, koma papita masiku asanu tsopano, iko sikanakhudze chiwala ngakhale chimodzi. Agogo ake akuti kaphedwe msanga anthu asanayambe kutinena za ufiti. Mwanayo akungolira. Kodi njokayi ndi yaululu? Nanga ingawetedwe?

Mayi wothedwa nzeru, Mulanje

YANKHO

Mayi, tisanapite patali, muuzeni mwanayo lero lomwe kuti asapisenso dzanja m'ndowamo. Neti ija muimange zolimba ndi mphira kuzungulira kukamwa kwa ndowa, ndipo ndowayo ikhale pamthunzi, chifukwa pulasitiki ikakhala padzuwa la masana njoka imapsa mkatimo isanathe ngakhale ola limodzi.

Mmene mwaifotokozera, njokayo ikuoneka kuti ndi ija ambiri timangoti namasamba, ya m'gulu limene akatswiri amalitcha Philothamnus. Ya madontho akuda kutsogolo kwa thupi ndi yodziwika kwambiri m'makomo mwathu. Ilibe ululu. Imakwera khoma la njerwa ngati ikuyenda pansi, imalowa kudenga kufuna nalimata, ndipo ukaiopseza imafufumitsa khosi mpaka khungu lake la buluu limaonekera, zongofuna kukuthamangitsa basi. Ikakula imafika masentimita 90, zina kuposerapo pang'ono mita imodzi. Ikaluma imangosiya timikwingwirima totuluka magazi pang'ono.

Koma kalata si maso, ndipo inu mukukhala ku Mulanje. M'nkhalango za m'munsi mwa phirilo, monganso ku Nkhata Bay, mumapezeka green mamba. Mwana wa green mamba amaswa ali wotalika kale masentimita 30 mpaka 45, wowonda, wobiriwira, ndipo ululu amakhala nawo kuyambira tsiku limene watuluka m'dzira. Palinso boomslang, imene yamphongo yake ikakula nthawi zambiri imakhala yobiriwira ndi timizere takuda. Kumudzi njoka zonsezi ena amati namasamba, ena amati mbobo, dzina limodzi kuphimba njoka yofatsa ndi yakupha yomwe. Odziwa amayang'ana mutu. Wa mamba ndi wautali, wopyapyala, wooneka ngati bokosi la maliro. Wa boomslang ndi waufupi, wozungulira ngati dzira, ndi maso aakulu modabwitsa. Komatu kuti muone bwino mutu wa kanjoka kowonda ngati chala, ndiye kuti nkhope yanu yayandikira kale mopitirira muyeso. Ine amene ndagwira njoka zaka zambiri sindingalole mdzukulu wanga kugwira njoka yobiriwira chifukwa choti wina waifotokoza m'kalata.

Pali nkhani imene ndimauza anyamata onse olimba mtima ngati wanuyo. Mu September 1957, Karl Schmidt, katswiri wamkulu wa njoka ku Field Museum mumzinda wa Chicago, anamubweretsera njoka ya ku Africa kuti anene mtundu wake. Inali boomslang yaing'ono. Akuitembenuza m'manja inamuluma pachala chachikulu. Iye anaona kuti njokayo ndi mwana ndipo bala ndi laling'ono, choncho sanapite kuchipatala. Anakwera sitima kupita kwawo n'kumalemba m'kope zonse zimene ankamva: mseru, kuzizidwa, magazi m'kamwa ndi m'mphuno. M'mawa mwake anadya bwinobwino, n'kumaganiza kuti wachira. Masana a tsiku lomwelo anamwalira, magazi atatayikira mkati mwa thupi. Anali munthu wa zaka 67 amene moyo wake wonse anathera pa njoka. Ululu wa boomslang ndi wotero, umabisala maola ambiri munthu akuyenda, kenako magazi amasiya kuundana. Ndiponso jakisoni wake ndi wapadera, amapangidwa ku Johannesburg, ndipo uja wothandiza pa mphiri ndi mamba sagwira ntchito pa boomslang. Choncho ngati mwanayo analumidwapo n'kukubisirani, mufunseni mofatsa, ndipo akavomera mupite naye kuchipatala lero. Osamanga chingwe pamkono, osatema mphini, osayamwa bala.

Tsono tiyerekeze kuti ndi namasamba weniweni wopanda ululu. Kodi angawetedwe? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikuyankha motero chifukwa ndinayesapo.

Ndili Sitandade 7 ndinagwira kanjoka kotere m'bango m'mphepete mwa mtsinje kwathu. Ndinakaika m'kabokosi kamatabwa, kutsogolo ndinakhomako sefa wa waya, ndipo tsiku lililonse ndikaweruka ndinkakaponyera ziwala ndi ngumbi. Sikanadye. Usana wonse kankangoyenda uku ndi uku, kakukhuza mphuno pawayapo kufuna potulukira, mpaka nsonga ya mphuno inasupuka n'kufiira. Sabata yachiwiri msana unayamba kuoneka ngati mpeni, khungu litachita makwinya m'mbali. Ine ndinkaganiza kuti kakuzolowera, chifukwa kanasiya kuthawa ndikatsegula bokosi, pamene kanali katafooka. M'sabata yachitatu ndinakapeza katauma pansi pa kanthambi, ndipo chimene sindiiwala ndi mtundu wake. Kanali katasanduka ka buluu. Ndinadzamva nditakula kuti kubiriwira kwa njoka zotere kumabwera chifukwa cha chikasu chokuta buluu, ndipo ikafa chikasucho ndicho chimayamba kuzimirira. Tsiku limene kanjokako kanafa ndinalira ngati mmene akulirira mwana wanuyo, koma ine ndinalira mochedwa.

Chimene chinapha kanjoka kanga ndi chomwecho chikuchitika m'ndowa mwanumo. Njoka imene mwanayo anaona pa foni ndi ina, ya ku America, imene chakudya chake ndi tizilombo monga nkhululu, mbozi ndi akangaude. Yathu ino ikufanana nayo khungu lokha. Chakudya chake ndi nalimata, abuluzi ang'onoang'ono ndi achule a m'mitengo, ndipo imafuna zamoyo, zoyenda, zoti izione ndi maso n'kuzithamangitsa. Chiwala kwa iyo si chakudya. Kuti muisunge ndiye kuti sabata iliyonse mwanayo azisaka nalimata wamoyo, chilimwe ndi dzinja lomwe, ndipo zakudya zogwidwa kutchirezo zimabwera ndi nyongolotsi zimene njoka yotsekeredwa, yokhala ndi mantha usana ndi usiku, imalephera kulimbana nazo. Ndi njoka yothamanga, ya dzuwa ndi mphepo ya m'nthambi. Imafuna kuwothera m'mawa, kubisala m'masamba masana, kumwa madontho a mame. Ndowa singaipatse zimenezi. Ndipo mwanayo adziwe kuti njoka sizolowera munthu ngati mmene amachitira galu kapena nkhunda. Dzanja lililonse lobwera kuchokera kumwamba imaliona ngati kabawi.

Palinso lamulo. Nyama zakutchire m'Malawi muno zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo munthu wofuna kusunga nyama yakutchire pakhomo amayenera kukhala ndi chilolezo cha ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ambiri amaganiza kuti lamuloli ndi la njovu ndi ngaka zokha.

Za agogo, musawatsutse mwachipongwe. Pa zoti njokayo iphedwe sindikugwirizana nawo, chifukwa ilibe mlandu, koma nkhawa yawo ili ndi mutu. Akudziwa mudzi wawo. Mbiri yoti pakhomo pakutipakuti akuweta njoka ikangotuluka, sinena kuti ndi mwana wasukulu wokonda zachilengedwe, ndipo tonse tamva mmene okalamba amavutikira akangolozedwa chala pa nkhani za ufiti. Amene angayambe kunenedwa ndi agogowo. Kuibweza njokayo kutchire kukuchotsa nkhawa yawo popanda kukhetsa magazi, ndipo ndikhulupirira kuti mukawafotokozera choncho adzavomera.

Muchite chonchi. Mujambule njokayo ndi foni neti ili pomwepo, osatsegula, kuti mutu uoneke. Bungwe la African Snakebite Institute lili ndi pulogalamu yaulere ya pafoni yothandiza kuzindikira njoka, ndiponso pa Facebook pali magulu a akatswiri amene amayankha msanga ukatumiza chithunzi ndi dzina la dera. Ku Mulanje komweko kuli a Mulanje Mountain Conservation Trust amene angakulozereni munthu wodziwa. Akakuuzani kuti ndi mamba kapena boomslang, musaitulutse nokha, aitenge odziwawo. Podikira yankho, lowetsani madzi pang'ono kudzera pa neti kuti anyowetse masamba ali mkatimo, chifukwa njoka imapirira njala masabata koma ludzu limaifooketsa msanga. Akatsimikiza kuti ndi namasamba, muinyamule m'mawa dzuwa litayamba kutentha, mupite nayo kumitengo yowirira kapena kumtsinje, kutali pang'ono ndi nyumba za anthu amene angaiphe. Mumasule mphira, mugoneke ndowa chammbali ndi ndodo yaitali, mubwerere m'mbuyo. Mwanayo akhalepo, ndipo ndiye agwire ndodoyo. Akatha asambe m'manja ndi sopo, ndowayonso itsukidwe bwino isanagwire ntchito ina, popeza ndowe za njoka zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella totsegula m'mimba.

Mwana wanuyo musamukalipire. Mnyamata amene waona njoka n'kuganiza zoidyetsa, pamene anzake onse akanatola miyala, ali ndi mtima umene ndimausowa kwa anthu ambiri. Mugulireni kope, azilemba njoka iliyonse imene waona: tsiku, nthawi, mtengo wake, chimene imachita. Afunsenso kusukulu ngati kuli kalabu ya zachilengedwe, zija zimayendetsedwa mothandizana ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi. Mtengo wa gwafa uja udzabweretsa namasamba wina mvula ikayamba, ndipo akaima chete patali mamita atatu adzamuona akusaka nalimata.

FUNSO

Achimwene, ine ndimagwira ntchito ku Leeds, ku England. M'shopu ina ya ziweto ndaona kanjoka kobiriwira kotchedwa rough green snake, kotchipa kuposa zina zonse, ndipo akuti sikafuna mbewa. Sindinawetepo njoka. Ndikagule?

Mnyamata wa ku Kasungu, Leeds

YANKHO

Achimwene, imeneyo ndiye njoka ya ku America imene ndatchula pamwambapa. Kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa United States, ilibe ululu, siluma kawirikawiri, ndipo ndi zoona kuti imadya tizilombo. Kutchipako kuli ndi chifukwa chake. Zambiri zogulitsidwa m'mashopu zimakhala zogwidwa kutchire, ndipo zimafika zitatopa ndi ulendo, zili ndi ludzu ndi nyongolotsi m'mimba. Zotere zimafa m'miyezi yoyambirira ngakhale mwini wake atayesetsa.

Ngati mtima wanu wakhazikika pa iyo, konzani nyumba yake musanaigule. Ikhale yagalasi, yaitali chokwera chifukwa ndi njoka ya m'nthambi, yodzaza masamba mpaka inu nomwe muzivutika kuipeza. Mbali imodzi ikhale ndi getsi lotenthetsa pafupifupi madigiri 30, mbali ina yozizirirapo cha m'ma 24, kuti izisankha yokha, ndipo pakhalenso getsi la UVB, lolowa m'malo mwa kuwala kwa dzuwa, poti imayenda masana. Muziwaza madzi pamasamba tsiku lililonse, chifukwa imakonda kumwa madontho kusiyana ndi kumwa m'mbale. Chakudya ndi nkhululu zazing'ono ndi mbozi zofewa, kawiri kapena katatu pa sabata, zowazidwa ufa wa kashiamu. Nkhululu zotsala muzichotsa madzulo, zimatha kuiluma ikagona. Maso ake akachita mbuu ngati mkaka, ndiye kuti yatsala pang'ono kufundula, muisiye. Ndipo ndi njoka yoonera, si yonyamula m'manja anzanu akabwera kudzacheza.

Kwa munthu woyamba ngati inu, ine ndikanasankha corn snake, njoka inanso ya ku America yopanda ululu, yobadwira kwa oweta. Imalola kugwiridwa, imadya mbewa ya mufiriji yosungunulidwa kamodzi pa masiku 7 mpaka 10, ndipo matenda ake madokotala a ziweto kumeneko amawadziwa. Kungoti imakhala zaka 15 mpaka 20, choncho ganizirani amene adzaisunge mukadzabwera kumudzi pa tchuthi kapena mukadzabwereratu, komanso funsani eni nyumba ngati amalola. Iliyonse imene mungasankhe, funsani wogulitsayo ngati inabadwira m'manja mwa anthu kapena inagwidwa kutchire, ndipo mumupemphe aidyetse inu mukuona musanatulutse ndalama.