Kodi kupanikiza nkhuku m'khola ndi nkhanza?

Funso: Alangizi, ndimaweta nkhuku zanyama za mabuloyila 150 m'kachipinda ka mamita atatu mbali zonse. Mwana wanga akuti ndi nkhanza, ine ndimati nkhuku ndi ndiwo basi. Koma zina zayamba kukanika kuyenda. Akulondola ndani?

Yankho: Mayi, mwanayo musamukalipire. Nkhuku ndi ndiwo inde, koma isanalowe mumphika imamva kuwawa, ludzu ndi mantha. Kachipinda kanuko nkoyenera nkhuku zosapitirira 90, chifukwa timawerengera khumi pa malo a mita imodzi mbali zonse.

Buloyila imafika makilogalamu awiri m'milungu isanu ndi umodzi yokha, thupi kukula mofulumira kuposa miyendo. Ikasowa poyenda imangogona pa utuchi wonyowa, nkutuluka zilonda pachifuwa ndi kumapazi. Mawa mukalowe m'kholamo, munjute, mphuno ifike pamene pamafika mutu wa nkhuku. Maso akakuwawani ndi fungo, dziwani kuti izo zimapuma mpweya womwewo usana ndi usiku. Chotsani utuchiwo, ikani wouma kapena mankhusu a mpunga, ndipo boolani mawindo.

Makampani akuluakulu amapitirira pamenepa. Nkhuku zamazira amazitsekera m'tizikwere tawaya, iliyonse malo ake osakwana pepala la A4, moti siingatambasule mapiko kapena kupalasa. Mayiko a ku Ulaya a m'bungwe la European Union analetsa tizikwere totere mu 2012.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi mankhwala. Nkhuku zikathithikana zimadwaladwala, mlimi nkumangothira maantibayotiki m'madzi tsiku ndi tsiku. Tizirombo timawazolowera, ndipo mtsogolo mankhwala amakana kugwira ngakhale kwa anthu. Perekani pokhapokha zadwala, mutafunsa alangizi a ziweto, ndipo musagulitse nkhukuzo masiku olembedwa papaketi ya mankhwalawo asanakwane.

Ngati mabuloyila akutopetsani, yesani zachikuda, muziikire tambala wa mtundu wa Mikolongwe kuti ana ake azikula bwino. Mangani khola logona ndi bwalo lampanda, muziwonjezera madeya, masamba ndi chiswe. Sindikunamizani: zimatenga miyezi isanu kapena kuposa, ndipo kabawi ndi akuba nawo amafuna gawo lawo. Komabe chakudya chogula nchochepa, ndipo pamsika yachikuda imakwera mtengo. Katemera wa chitopa, wodontheza m'diso uja, musamudumphitse pakatha miyezi itatu kapena inayi iliyonse.

Pa gulu lomwe lilipoli, sankhani 60 zikuluzikulu muzigulitse sabata ino.