Yambani ndi mipando, mapulasitiki adikire

Achimwene, pokonza m'kati mwa ndege yanu yakaleyo ya Cessna 172, ndalama zochepa zimene muli nazo muziike pa mipando ndi malamba, ndipo mapulasitiki a m'mbali muwatsuke ndi kuwamata m'malo mogula atsopano. Pamene tinkakonza yathu pa bwalo la ndege la Chingodzi, tinapeza siponji ya mpando wa woyendetsa itafumbutuka ngati ufa chifukwa cha kutentha kwa kuno ku Tete, moti munthu ankamva zitsulo kumsana. Titachotsa kapeti, tinaona aluminiyamu itayamba kudyeka n'kuyera pamene pankaima madzi, ndipo ndimathokoza kuti sitinafulumire kuphimbapo.

Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musagule nsalu kapena siponji ya kumsika ngati ya m'minibasi, ngakhale ili yotchipa, chifukwa ya m'ndege iyenera kukhala ndi chikalata chotsimikizira kuti sigwira moto msanga. Telala waluso wa konkuno akhoza kusoka bwino ndithu mukamupatsa nsalu yoyenera. Koma malamba, njanji za mipando ndi kulemera kwa ndege ntchito ikatha, zonsezi aziunike makaniko wovomerezedwa ndi IACM, bungwe loyang'anira za ndege ku Mozambique, ndipo iyeyo ndiye alembe m'buku la ndegeyo.