Kwa mayi amene afunsa za fomu ya kafukufuku kuwodi ya ana

Asisi amene mwaponya funso mosatchula dzina aja, ndawerenga makomenti onse mpaka mutu kuwawa, nde ndati ndiyankhe panga ngakhale zitalike. Kwa amene mwangofika, mayiwa akuti mwana wawo wagonekedwa, kwabwera anesi ndi fomu kuti mwanayo alowe mukafukufuku, azimutengako magazi komanso kumamuona kwa miyezi ingapo akatuluka, koma apongozi awo akuti asayerekeze kusayina chifukwa anthu amenewa amagulitsa magazi kwa azungu. Akufunsa kuti atani.

Ine sindinena kuti sayinani kapena kanani, mwana ndi wanu. Koma ndikuuzeni kaye za amalume anga, chifukwa ife akuno ku Nkhotakota nkhani ya kafukufuku imatikhudza kuposa mmene timaganizira.

Amalume ankalima chakumtunda uku m'malire mwa game, kale waya wa African Parks usanabwere, kumene akashembe amaluma mpaka kuboola malaya. Anayamba ndi kutentha thupi ndi mutu, tinati malungo, anamwa mankhwala kawiri osasintha. Kenako munthu akumagona masana nsima ili m'manja, usiku osagona akungobwebweta, kumudzi anayamba kale kulozana zala kuti alipo wawalodza. Kuchipatala atayang'ana magazi pa maikulosikopu ndi pamene anapeza kuti ndi kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi akashembe aja. Anawapinda ngati mwana n'kuwabaya pamsana kutenga madzi aja kuti aone ngati tizilombo tafika kuubongo, ndipo tinali titafika. Gadiyani ndinali ine, ndinkagona pa katoni pansi pa bedi. Mankhwala ake anali jakisoni wa melarsoprol, wa mu mtsempha, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti muli poizoni wa arsenic, pa anthu 20 obayidwa mmodzi amafa ndi mankhwalawo osati ndi matenda, koma osabaya ndiye imfa basi. Abale, bambo wamkulu wometa ndevu ankaluma chitenje changa jakisoniyo akamalowa, amati ngati akuthira moto m'mkono. Anachira, Mulungu ndi wabwino, koma mpaka lero akaona nesi atanyamula thileyi amatembenukira kukhoma.

Mankhwala amenewo ndi a 1949, tangoganizani. Pano kuli mapilitsi a fexinidazole, kumwa masiku 10 utadya kaye, basi. Mapilitsi amenewa sanagwe kumwamba, anayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi ku Lwala ku Uganda kuyambira 2019 motsogozedwa ndi bungwe la DNDi, odwala 45 okha, ambiri mwa iwo Amalawi anzathu a kufupi ndi Vwaza, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti ndi othandiza pa kaodzera wa mtundu wathuwu. Anthu 45 aja anali ndi apongozi awonso, wina anawabweretsera fomu ngati yanuyo ali pabedi.

Ndipo si kaodzera yekha. Akuluakulu mukukumbukira kolokwini woyabwa uja, Malawi inali yoyamba mu Africa kumusiya mu 1993 kupita ku Fansidar chifukwa ofufuza anawerenga ana amene sankachira, kenako 2007 kunabwera LA. Katemera wa malungo amene anayamba kuno mu Epulo 2019, chaka chomwecho n'kuyambanso ku Ghana ndi Kenya, anali atayesedwa kale pa ana a ku Lilongwe kudzera ku bungwe la kafukufuku la UNC Project. Wa typhoid amene ana anabayidwa dziko lonse mu 2023 anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018. Nkhani yoti munthu akayamba ma ARV msanga n'kumamwa bwino sapatsira mnzake wapabanja inatuluka mu 2011 pa kafukufuku wa HPTN 052, chiopsezo chinatsika ndi 96 pa 100, ndipo mabanja a ku Lilongwe ndi Blantyre anali momwemo. Zoyezeranso chimodzimodzi, ku Zomba Central anayesa kupeza TB mu mkodzo mwa odwala amene ali ndi HIV, ena mwa iwo osatha ngakhale kutulutsa makhololo, ku Queens anatulukira kuti kuunika m'maso mwa mwana wokomoka kumathandiza kudziwa ngati alidi malungo a muubongo.

Komano tsopano inu a m'makomenti amene mukuseka apongoziwo kuti ndi mbuli, taimani. Mantha awo ali ndi pochokera. Ku Tuskegee ku America kuyambira 1932 mpaka 1972 abambo akuda odwala chindoko anasiyidwa dala osapatsidwa mankhwala kuti madokotala aone mmene matendawo amathera. Ku Kano ku Nigeria mu 1996 kampani ya Pfizer inayesa mankhwala a Trovan pa ana nthawi ya mliri woumitsa khosi, makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwinobwino, nkhani mpaka kukhoti. Zinthu zoterezi ndi zimene zinachititsa kuti malamulo akhwime. Kwathu kuno zija za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe anthu anaphedwa popanda chifukwa, zinali mphekesera chabe, koma zinasiya mantha, mawu oti magazi akangotchulidwa agogo athu mtima umalumpha.

Chinanso chimene ena sakunena, kafukufuku ndi kuyesa, ndiye kuti yankho palibe amene akulidziwa ngakhale adokotalawo. Zina zimapezeka kuti sizithandiza, zina zili ndi zovuta zake. Ndipo ngati ndi wa mankhwala nthawi zambiri ana amagawidwa magulu awiri mwamaere, kompyuta ndi imene imasankha, gulu lina limalandira zatsopanozo lina zanthawi zonse, nde musasayine poganiza kuti wanuyo alandira zapamwamba, mwina agwera kwinako. Wina akakuuzani kuti lowani mwana achira ndithu, ameneyo akunama.

Nde mawa akabwera musachite manyazi ndi yunifomu, akhale pansi. Fomu ikhale ya Chichewa ndipo akupatseni kope lanu lopita nalo kunyumba, muli ndi ufulu wonena kuti ndikaganize kaye ndikafunsenso bambo ake. Afunseni kuti akumupatsa mankhwala atsopano kapena akungoyeza chida choyezera matenda, chifukwa izi ndi zosiyana kwambiri, chachiwiricho mwana amangolandira chithandizo chake chanthawi zonse. Afunseni amene anavomereza kafukufukuyo, kuno amavomereza ndi komiti ya NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena komiti ya COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ngati muli mankhwala, a bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA amaonanso, ndipo pafomupo pamayenera kukhala nambala ya foni ya komiti yoti mukadandauleko, osati ya ofufuza okhawo. Mwana akadwala chifukwa cha mankhwalawo alipira ndani, funsani. Za magazizo anene kuti ndi masipuni angati komanso kangati, sipuni ya tiyi ndi mamililita 5, pamene munthu wamkulu wopereka magazi amachotsedwa pafupifupi 450, ndiye muone nokha ngati kabotolo kangati chala kangathiridwe mwa munthu. Otsala akawasunga kuti, apita kunja kapena atayidwa, zimenezo zimayenera kulembedwa. Amene satha kuwerenga amadinda chala pali mboni yosakhala ya kafukufukuyo.

Ndipo mukakana mwana alandirabe chithandizo chake chonse, bedi lake palibe womuchotsa. Wina akakuopsezani kuti mukakana musamalidwa mochedwa, ndi pomwe muyimbe nambala ija.

Ine ndinalowapo kafukufuku wina ndili woyembekezera, sinditchula malo. Nesi wake anawerenga fomu mothamanga ngati akulengeza maliro pa wayilesi, ine khutu linangogwira poti tizikubwezerani thiransipoti, ndinasayina. Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndizipita mwezi ndi mwezi, mpaka nthawi yowokera mpunga kudambo, tsiku lonse pa benchi. Ndinapita maulendo anayi kenako ndinawauza kuti ndatopa ndikusiya, anangondifunsa chifukwa n'kulemba, sikelo ndinapitiriza bwinobwino ndipo mwana ndinachira naye popanda wondinyoza. Pena ndimadziimba mlandu ndekha kuti sindinafunse. Kandalama kathiransipoti kaja si malipiro a magazi ayi, ndi kakabaza ndi fanta basi, kasakukopeni komanso kasakuopseni.

Apongoziwo musakangane nawo pa foni, mungoyambana pachabe mwana ali pa diripi. Atumizireni ya minibasi abwere mawa m'mawa anesiwo asanadutse, akhale pomwepo fomu ikuwerengedwa, afunse okha mafunso awo onse ngakhale la azungu lija, ndipo muwapemphe anesiwo atulutse kabotolo kotengera magaziko agogo akagwire m'manja. Mudzatiuze kuti mwana wadzuka bwanji.